Zoti LOL, OMG, ASAP kumanena ndi pakamwa zinayamba bwanji? Mafunso ndi mayankho

Nkhaniyi inayamba ndi mwana wa achemwali anga amene amakhala ku Leeds. Tikucheza pa foni tikuonana nkhope, ine ndamuponyera nthabwala yanga ija imene kuno anthu amagwa nayo pansi, mwana uja nkhope ili gwaa ngati akudikira basi, kenako nkungoti "lol". Ndi pakamwa, osati kulemba ayi. Ndinakhala kaye duu kuganiza kuti kodi apapa wandisekera kapena wandinyoza. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikutchera khutu pa ma filimu, pa mpira, mu ofesi, ndipo ndikayambitsa nkhaniyi pagulu mafunso amabwera omwewomwewo, nde ndangoti ndiwaike pamodzi.

Mukati zidule zolemba mukunena chani kwenikweni?

Ndikunena zija zinapangidwa kuti dzanja lisatope polemba, kutenga lembo loyamba la liwu lililonse basi. BRB m'malo mwa be right back, kutanthauza ndikubwera pompano. FYI m'malo mwa for your information, kungokudziwitsani. TBH ndi to be honest, kunena zoona. IRL ndi in real life, moyo weniweni osati wa pa intaneti. DM ndi uthenga wa kumbali, wa anthu awiri. Zonsezi malo ake anali pa pepala kapena pa sikirini, koma pano mupeza munthu wa ku London kapena Chicago akuyankhula ndi mnzake maso ndi maso nkumati "tee-bee-aitch sindinaikonde" kapena "ndi-DM-e madzulo", pomwe pakamwa palibe batani loti akutopa kudina.

Nde bwanji munthu anene LOL osangoseka?

Funso lalikulu ndi limeneli ndipo yankho lake ndi lomwe linandimasula pa nkhani ya mwana wa achemwali uja. LOL imaimira laughing out loud, kuseka mokweza, koma ikafika pakamwa siitanthauzanso zimenezo. Munthu amene akusekadi mpaka nthiti kuwawa sangathe nkomwe kutchula lembo lililonse. Amene amati "lol" ndi amene sakuseka. Akukuuzani kuti ndamva kuti mwanena zoseketsa, ndazilandira, tisadane, koma kuseka kwenikweni ayi. Pena imakhala yonyoza, ngati mmene ife timanenera "ehee, zoseketsadi" nkhope itauma. Pena ndi yodzichepetsa, munthu walephera mayeso a galimoto kachitatu nkumati "ndalepheranso lol", kuti inu musachite kumumvera chisoni kwambiri.

Katswiri wina wa zinenero wa ku America, John McWhorter, anafotokozapo mu 2013 kuti lol inasiya kalekale kukhala chizindikiro cha kuseka, inasanduka kaliwu kosonyeza kuti tili limodzi, ndikukumva. Ine ndimaifanizira ndi "eti" kapena "aise" wathu uja, mukamufunsa munthu kuti "eti" amatanthauza chani avutika kuyankha koma mukamuchotsa m'chiganizo mumamva kuti chauma. Ndiye mfundo yanga pa tsamba lonseli ndi imeneyi, chidule chimalowa mkamwa chikapeza ntchito imene mawu athunthu aja sangaigwire. Chikapanda kuipeza chimatsala pa sikirini pomwepo.

Zimenezi zabwera ndi mafoni eti?

Ayi ndithu, apa mpomwe ambiri amadabwa. Liwu loti OK, lomwe ngakhale agogo kumudzi amalinena, linayamba ngati chidule cholemba, komanso cha nthabwala. M'zaka za m'ma 1830 atolankhani a ku Boston anali ndi kamchitidwe kolemba mawu molakwitsa dala kenako nkuwadula, nde all correct anailemba ngati oll korrect, nkukhala o.k. Inatuluka mu nyuzipepala ya Boston Morning Post pa 23 Malichi 1839. Anali ndi zina zambiri zamtundu womwewo, monga O.W. ya oll wright, zonsezo zinafa. OK inapulumuka chifukwa chaka chotsatira, 1840, kunali zisankho ndipo pulezidenti Martin Van Buren amene kwawo kunali ku Kinderhook ku New York ankatchedwa Old Kinderhook, otsatira ake nkupanga ma OK Club. Mkuluyo zisankho analuza koma liwu lija linawina mpaka lero. Amene anafukula mbiri yonseyi ndi pulofesa Allen Walker Read m'zaka za m'ma 1960.

OMG nayo musaione ngati ya ana a TikTok. Mu 1917 mkulu wakale wa asilikali a panyanja wa ku Britain, Lord Fisher, bambo wa zaka 76, analembera kalata Winston Churchill ndipo mkatimo analemba O.M.G. nkumasulira yekha kuti Oh! My God! Tangoganizani, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati.

Palinso anthu a matelegalamu. Mu 1879 Walter Phillips anakonza mndandanda wa zidule zoti atolankhani azitumizira nkhani mwachangu pa waya, ndipo SCOTUS, khoti lalikulu la ku America, inachokera kumeneko, POTUS ya pulezidenti inatsatira pambuyo pake. Lero pa TV za ku America amangoti "potasi" ngati dzina la munthu. Asilikali nawo anathandiza kwambiri, AWOL ya msilikali amene wathawa pa ntchito osatsanzika amaitchula "eyiwolo" ndipo pano imanenedwa ngakhale kwa mnzanu amene wangosowa pa gulu la WhatsApp.

Nanga mafoniwo anachitapo chani?

Anachulukitsa. SMS yoyamba inatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain, injiniya Neil Papworth analemba Merry Christmas kuchokera pa kompyuta kupita pa foni ya netiweki ya Vodafone. Uthenga umodzi unkalola zilembo 160 zokha, mukapitirira mwalipira kawiri, komanso amene munagwirako ka Nokia ka mabatani mukukumbuka kuti kupeza lembo S kunali kudina 7 kanayi. Nde aliyense anasanduka katswiri wodula mawu. Twitter itabwera mu 2006 inaika malire a 140, anadzawonjezera kufika 280 mu 2017. Koma LOL ndi BRB ndi zakale kuposa SMS, zinayamba m'zaka za m'ma 1980 kwa anthu ochepa amene ankacheza pa makompyuta olumikizidwa ndi waya wa foni, pomwe umafunika kumuuza mnzako kuti ndadzuka kaye ndikubwera chifukwa sakukuona.

Chomwe chinasintha ndi kuchuluka kwa nthawi imene anthu amacheza polemba. Kale kulemba kunali kwa kalata ndi ma lipoti, kucheza kunali kwa pakamwa. Pano mwana amatha tsiku lonse akucheza ndi anzake ndi zala, nde akakumana nawo madzulo chilankhulo chimene amagawana ndi chomwe chija cha pa foni, sangachisiye pa geti.

Koma zimapulumutsadi nthawi poyankhula?

Zambiri ayi, ndipo umenewu ndi umboni woti nkhani si nthawi. Tawerengani maphatikizo. Oh my God ndi atatu, O-M-G ndi atatunso, palibe chapulumuka. Be right back atatu, B-R-B atatu. Nde pali lembo W limene pa Chingerezi dzina lake lokha ndi double-u, maphatikizo atatu lembo limodzi. By the way ndi atatu koma B-T-W ndi asanu. Yoseketsa kwambiri ndi WWW, maphatikizo asanu ndi anayi pomwe world wide web ndi atatu okha, chidule kutalika katatu kuposa chinthu chimene chikudulidwa kkkk.

Zilipo zochepa zomwe zimafupikitsadi, FYI ndi atatu pomwe for your information ndi asanu ndi limodzi, ASAP ukaitchula "eyisapu" ndi awiri pa Chingerezi pomwe as soon as possible ndi asanu ndi limodzi. Koma ngakhale zimenezi, mvetserani bwino mmene zimamvekera. Bwana akati "ndikufuna lipoti ASAP" sizofanana ndi as soon as possible, mawu athunthuwo ali ndi kaulemu koti mukapeza mpata, ASAP ndi lamulo, siyani zonse. FYI nayo mu ofesi nthawi zambiri imabwera ndi kamkwiyo kobisa, "FYI, ndinatumiza kale Lolemba", apo dziwani kuti mwakalipiridwa mwaulemu.

Nanga OMG ndi WTF ntchito yake ndi yotani?

Kubisa. Pali anthu ambiri opemphera amene sangatchule dzina la Mulungu pa zinthu zachabe, nde O-M-G imawapatsa njira yodabwira osalitchula, ena amati G yo ndi gosh kapena goodness. WTF ndi AF muli liwu lotukwana lija loyamba ndi F, sindilemba pano, munthu amatchula malembo okha nkukhala ngati sanatukwane pomwe aliyense wamva. Ife timachitanso zomwezo tikamazungulira mawu olaula pamaso pa akuluakulu, kusiyana kwake nkoti azungu apeza pobisala mu alifabeti.

TMI ndimaikonda. Imaimira too much information ndipo imanenedwa munthu akayamba kufotokoza zinthu zoti sitinafunse, za m'mimba mwake kapena za kuchipinda. Kumuuza munthu kuti wanena zambiri khala chete ndi mwano, koma "tii-emu-ayi" nkuseka pang'ono, iye amasekanso nkhani nkusintha, palibe wakhumudwa.

Chifukwa chani zina amazitchula ngati liwu, zina lembo limodzilimodzi?

Kwenikweni ndi malembo a liwu, a e i o u aja. Ngati chidule chili ndi lembo la liwu pamalo abwino lilime limangochiwerenga, NATO, FOMO (fear of missing out, mantha oti zabwino zikundipita), YOLO, radar. Ngati mulibe, monga BRB, TBH, SMH, palibe kuchitira mwina koma kutchula limodzilimodzi. Azungu ali ndi mayina awiri, zotchulika ngati liwu amati acronym, zinazo amati initialism, koma anthu wamba amangoti acronym zonse.

Lamuloli silokhwima. LOL ena amati "elo-o-elo" ena "lol". ASAP ena amatchula malembo anayi onse. CIA ndi USA muli malembo a liwu koma palibe amati "siya" kapena "usa". SMH, shaking my head, kupukusa mutu, simumva kawirikawiri pakamwa chifukwa mutuwo uli pomwepo ungoupukusa. IDK, I don't know, sindikudziwa, nayonso siyenda kwenikweni poti azungu ali kale ndi "dunno" yomwe ndi yofupika kuposa.

Zomwe zatchulika ngati liwu ndi zomwe zimakhalitsa mpaka anthu kuiwala kuti zinali zidule. Radar inapangidwa ndi asilikali a panyanja a ku America mu 1940 kuchokera ku radio detection and ranging. Laser, scuba, chimodzimodzi, pano zimalembedwa ndi malembo ang'onoang'ono ngati mawu ena onse. SIM ya mu foni mwanumo ndi subscriber identity module, ndani amaganizako zimenezo pogula simu khadi pa msika. COVID yomwe bungwe la WHO linalengeza dzina lake pa 11 Febuluwale 2020 sinatenge ngakhale mwezi kuti isanduke liwu wamba, ife nkuti kovidi.

Ine ndimadziwa kuti LOL ndi lots of love, ndalakwa?

Simuli nokha, muli ndi nduna yaikulu yakale ya Britain. Mu Meyi 2012 pa kafukufuku wa Leveson wofufuza khalidwe la manyuzipepala, Rebekah Brooks amene kale anali mkulu wa kampani ya manyuzipepala ya News International anaulula kuti David Cameron ankamaliza ma SMS ake ndi LOL akuganiza kuti ndi lots of love, mpaka iye anachita kumuuza kuti ayi bwana ndi laugh out loud. Dziko lonse linaseka. Koma Cameron sanazipeke, m'makalata akale anthu ankalembadi LOL kutanthauza chikondi chochuluka, kungoti tanthauzo latsopano linaphimba lakale.

Vuto limabwera pa maliro. Azakhali anga ena analemba pa gulu la banja, uthenga wa imfa utangofika, kuti "pepani nonse, Mulungu akutonthozeni, LOL". Gulu linazizira kwa mphindi zingapo, kenako msuweni wanga anawaimbira kumbali. Anachita manyazi mpaka anafuna kutuluka pa gulu, ndipo mpaka pano akamalemba amamaliza ndi "ndimakukondani nonse" mawu athunthu. Nde ngati muli ndi makolo amene angoyamba WhatsApp auzeni lero.

Mwana wanga akuti Messi ndi GOAT. Akumutukwana?

Kkkk ayi, akumutamanda kuposa wina aliyense. GOAT ndi greatest of all time, katswiri woposa onse amene anakhalako, ndipo dzinali limagwirizana kwambiri ndi Muhammad Ali amene ankadzitcha yekha the greatest. Poti malembowo amapanga liwu loti goat, mbuzi, anthu amangoti mbuzi nkumaika ka chithunzi ka mbuzi pa dzina la munthuyo. Kwa ife zimasokoneza mutu chifukwa kumuuza munthu kuti ndiwe mbuzi ndi chiyambi cha ndewu. Ndinamva mnyamata wina pa bawo akumasulira dala kuti "Messi ndi mbuzi, Ronaldo ndi mbuzi, koma mbuzi yaikulu ndi Messi", mdala wina amene samadziwa nkhaniyi anangopukusa mutu nkuti ana inu mulibe ulemu ndi anthu olemera. Chodabwitsa nchoti ngakhale ku America kale goat pa masewero anali wosewera amene waluzitsa timu, tanthauzo linachita kutembenuka.

GIF amati "gifi" kapena "jifi"?

GIF ndi mtundu wa zithunzi za pa kompyuta, tija timayenda tokha pa foni. Amene anaipanga, Steve Wilhite wa kampani ya CompuServe mu 1987, ananena poyera mu 2013 kuti ndi "jif". Anthu ambiri anamva nkupitiriza kunena "gif". Nenani yomwe mukufuna, mkangano wake sudzatha.

Kodi zili mu dikishonale?

Zilimo. Oxford English Dictionary inalowetsa OMG, LOL ndi FYI mu Malichi 2011, ndipo pofufuza anapeza kuti FYI inalipo kale mu 1941, komanso kuti mu 1960 LOL inkatanthauza little old lady, kagogo kachikazi. YOLO, you only live once, moyo ndi umodzi, inalowa mu 2016. Koma tisamaone dikishonale ngati khoti lopereka chilolezo, ntchito yake ndi kulemba zomwe anthu akunena kale, ikamafika poika liwu ndiye kuti ana analiyamba zaka khumi zapitazo ndipo mwina alisiya.

Ndi zidule zokha zomwe zachoka pa pepala kupita pakamwa?

Ayi, ngakhale zizindikiro. Hashtag, ka # kaja, anayambitsa ndi Chris Messina pa Twitter mu 2007 kuti nkhani zofanana zizipezeka pamodzi, pofika 2012 bungwe la American Dialect Society linalisankha kukhala liwu la chaka, ndipo anthu anayamba kumati "hashtag blessed" ndi pakamwa, ena mpaka kupingasa zala kupanga chizindikirocho. Slash, ka mzere kopendekera, amati "ndi shopu slash nyumba yogona". Aku America akafuna kutseka nkhani amati "period", aku Britain "full stop", kutchula mpumiro weniweniwo kuti nkhani yatha osayankhanso.

Zakale kwambiri ndi za Chilatini zomwe timazinena osadziwa. A.m. ndi p.m. ndi ante meridiem ndi post meridiem. Anthu amati "ii-jii" pa e.g. ndi "ayi-ii" pa i.e., CV ndi curriculum vitae koma ndani ananenapo kuti ndabweretsa curriculum vitae yanga, tonse timati sivii. RSVP ya pa khadi la ukwati ija ndi Chifalansa, répondez s'il vous plaît, chonde yankhani, ndipo pa Chingerezi inasanduka mneni, amati "have you RSVP'd". Mrs inali chidule cha mistress, matchulidwe anasintha kukhala "misizi" ndipo lero mukamutchula mkazi wa munthu kuti mistress mwamuika pa chibwenzi cha mseri, samalani. RIP inachokera ku requiescat in pace ya pa manda, koma achinyamata pano amati "rip" foni ikagwera m'madzi kapena bando ikatha.

Sizikuononga Chingerezi zimenezi?

Dandaulo limeneli ndi lakale kuposa agogo a agogo athu. Mu 1710 Jonathan Swift analemba mu nyuzipepala ya The Tatler kudandaula kuti anthu akudula mawu mwaulesi, ndipo zina zomwe zinkamunyansa ndi rep m'malo mwa reputation, pozz m'malo mwa positive, ndi mob. Mob inadulidwa kuchokera ku Chilatini mobile vulgus, chigulu cha anthu chosakhazikika. Lero majaji ndi apolisi amati mob justice mu zikalata za boma, palibe amaona kuti ndi liwu la ana osaphunzira. Pozz inafa yokha popanda woiletsa. Bus inali omnibus, ife tinatenga chodulidwacho nkupanga basi ndi minibasi.

Ine maganizo anga, chilankhulo sichikuonongeka, chomwe chimavuta ndi munthu wosadziwa malo. Aphunzitsi amene amadandaula kuti ana akulemba "u" ndi "bcoz" pa mayeso akunena zoona ndipo azidula malikisi ndithu. Koma mwana yemweyo akamati "o-emu-jii" ndi anzake pa bwalo palibe chalakwika, ndi chimodzimodzi mmene timayankhulira Chichewa china pa depoti, china kwa apongozi.

Nanga ife a Chichewa zimatikhudza?

Ife ndiye akatswiri, kungoti sitizitchula kuti zidule. Amene mumakwera basi ku Blantyre mumati ndikatsikira pa Wenela. Dzinali ndi WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Malembo anayi opanda potchulira, anthu anaikamo malembo a liwu okha nkukhala Wenela, bungwe linatha dzina linatsala pa malo. Lotsatira lake TEBA, The Employment Bureau of Africa, madala amati anapita pa Theba. AIDS, dzina lomwe madokotala a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1982, ife tinaliphika nkukhala Edzi ndipo limalembedwa choncho m'mabuku a sukulu. ADMARC ndi Adimaki, mayi wogulitsa chimanga safunika kudziwa kuti ndi Agricultural Development and Marketing Corporation. A DC, a MP, a T/A, ma ARV, Maneb, Escom, tsiku silitha osatchulapo chimodzi.

Lilime lathu silikonda liwu lothera pa lembo lopanda liwu, nchifukwa chake LOL mkamwa mwa Mmalawi imatuluka "lolo" ndipo ASAP imakhala "asapu". Koma pa kuseka kolemba tili ndi kathu, kkkk, komwe anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Brazil amalembanso, pomwe a ku Thailand amalemba 555 poti 5 m'chilankhulo chawo ndi "ha", Afalansa amalemba mdr, mort de rire, kufa ndi phwete. Kkkk sungainene pakamwa, ukayesa umamveka ngati wamezera fupa la usipa. MHSRIP yomwe timalemba pa mauthenga a maliro nayonso imathera pa foni pomwepo, pa siwa palibe angaimirire nkutchula malembo amenewo.

Kamodzi kokha ndikonzeko, nkhani ija imayenda yoti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration si yoona. Liwuli lilipo m'Chiswahili kutanthauza mpanda kapena linga, ndipo linalipo atsamunda asanamange maofesi awo, malembowo anthu anachita kupekera pambuyo. Zopekera pambuyo zotere zilipo zambiri pa Chingerezi, SOS yopemphera thandizo pa ngozi siimira save our souls, anaisankha chifukwa pa Morse, njira yotumizira mauthenga ndi madontho ndi mizere, ndi yosavuta, madontho atatu mizere itatu madontho atatu.

Bwanji anthu amati PIN number pomwe N yo ndi number kale?

Chifukwa chidule chikasanduka liwu mutu sumachimasulanso. PIN ndi personal identification number, nde PIN number ndi number number. ATM machine ndi machine machine, HIV virus ndi virus virus. Alipo anthu amene zimawapweteka mutu ndipo amakonza anzawo pa mzere wa ku banki, ine ndimaona kuti nkutaya nthawi, pin pa Chingerezi ndi phini wobayira nsalunso nde kuwonjezera number kumathandiza kuti timvane.

Ndingazigwiritse ntchito ku intavyu kapena kwa bwana?

Zigaweni pawiri. ASAP, FYI, CV, ETA ya nthawi yofikira, AOB ya kumapeto kwa miting'i, izi ndi za mu ofesi kale, mutha kuzinena, kungoti ASAP musamuuze munthu wamkulu kwa inu, imamveka ngati mukumutuma. LOL, OMG, TBH, YOLO, WTF zisiyeni panja pamodzi ndi chingamu. Mnzanga wina amene amakhala nawo pa ma intavyu anandiuza za mtsikana wanzeru bwino, mapepala ake abwino, atafunsidwa chifukwa chomwe anasiyira ntchito yakale anayamba ndi "TBH", mkulu wa pa mpando anavula magalasi nkufunsa kuti TBH ndi kampani yanji. Ntchito anaipezabe koma mu ofesimo mpaka lero dzina lake ndi TBH.

Chinanso, msinkhu. Munthu wa zaka 50 kunena "yolo" pamaso pa ana ake, anawo amafuna nthaka iwameze. Mawu amenewa amagwiranso ntchito ngati yunifolomu ya gulu, akangoona kuti makolo avala iwo amavula.

Ndiye LOL idzakhalapo mpaka kale?

Pa kulemba inayamba kale kuchepa mphamvu. Mu 2015 a Facebook anawerenga mmene anthu amasekera pa tsamba lawo nkupeza kuti oposa theka amalemba haha, otsatira ndi a ma emoji, ndipo lol inali ndi anthu osafika 2 pa 100 alionse, amenenso anali okulirapo. Chaka chomwecho a Oxford anasankha ka nkhope koseka mpaka misozi kaja kukhala liwu la chaka, chinthu choti si liwu nkomwe. ROFL, kugubuduka pansi ndi phwete, inali paliponse nthawi ya ma internet cafe, pano mukailemba mwaulula zaka zanu. BRB nayo ikuchepa poti palibe amachokanso pa intaneti, foni timapita nayo ndi kubafa komwe.

Koma lol ya pakamwa ija, youma ija, ikuoneka kuti yapeza pokhala poti palibe liwu lina la Chingerezi lomwe limagwira ntchito yoseka osaseka. Mwana wa achemwali uja ndinadzamufunsa kuti unkatanthauza chani tsiku lija, anati "amalume inali yoseketsa pang'ono, koma munainenapo kale kawiri".